Dzuwa kapena nyale: kuwala kumene kumatulutsa chithunzi cha buluu papepala

Pali njira yakale yotulutsira zithunzi imene sifuna kamera, foni ngakhale makina osindikizira. Munthu amapaka mankhwala papepala kapena pansalu, n'kuumitsa m'nyumba mopanda dzuwa. Akatero amaikapo tsamba la chinangwa kapena nthenga ya nkhanga, kupsinja ndi galasi, n'kutulutsa padzuwa. Pakapita mphindi zingapo amatsuka pepalalo ndi madzi. Pamene panali tsamba pamatsala poyera, kwina konse kumasanduka buluu woderako, ndipo m'mphepete mwa tsamba mumaoneka bwinobwino mpaka timano take.

Njirayi dzina lake ndi cyanotype. Anaitulukira ndi katswiri wa sayansi wa ku England, John Herschel, m'chaka cha 1842. Chaka chotsatira, mayi wina wokonda zomera, Anna Atkins, anayamba kutulutsa buku la zomera za m'nyanja za ku Britain pogwiritsa ntchito njira yomweyi, ndipo bukulo limawerengedwa kuti ndi loyamba kukhala ndi zithunzi zojambulidwa ndi kuwala. Pambuyo pake amisiri omanga nyumba, milatho ndi njanji anaitenga n'kumachulukitsira mapulani awo, n'chifukwa chake mapulani akale anali a mizere yoyera papepala la buluu.

Kumudzi njirayi ili ndi ntchito yake. Mphunzitsi akhoza kuonetsa nayo ana kusiyana kwa masamba a nyemba, nandolo ndi khobwe. Gulu la alimi likhoza kusunga maonekedwe a mitundu ya mbewu zamakolo, pa msinkhu wake weniweni. Tsamba la chimanga lodyedwa ndi ntchemberezandonda limatuluka mochititsa chidwi, popeza malo amene mbozi yapala n'kusiya kachikopa kopyapyala amalowetsa kuwala pang'ono, ndipo amaoneka mosiyana ndi mabowo enieni. Ena amakongoletsa nayo nsalu ndi makadi ogulitsa. Mtundu wa tsamba wokha suoneka, choncho pofuna kuonetsa mlangizi matenda a mbewu, chithunzi cha pafoni ndicho chothandiza.

Pamene pamasokoneza oyamba kumene ndi pa nkhani ya kuwala. Sikuti kuwala kulikonse kumagwira ntchitoyi ayi. Wina amataya ndalama pogula nyale yowala kwambiri imene situlutsa kanthu, wina amagula nyale yoti ingamupweteke maso. Zonsezi zimapeweka munthu akadziwa kuwerenga kanambala kamodzi kolembedwa pa nyaleyo.

Kuwala kumene maso saona

Utawaleza umayambira ku mtundu wofiira n'kukathera ku wapepo, wonga maluwa a mitundu ina ya mbatata ya kachewere. Maso a munthu amalekezera pomwepo, koma kuwala kumapitirira. Mu 1801 katswiri wa ku Germany, Johann Wilhelm Ritter, anaika mankhwala a siliva kuseri kwa mzere wapepo uja, pamalo pooneka ngati palibe kuwala, ndipo mankhwalawo anada msanga kuposa pena paliponse. Cheza chosaonekachi ndicho chimatchedwa ultraviolet, mwachidule UV.

Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo utali wa funde lililonse amauyeza m'mananomita, amene pa katundu amalembedwa nm. Nanomita imodzi ndi milimita yogawidwa m'zigawo 1,000,000. Maso amaona kuyambira pafupifupi 400 mpaka 700 nm. Pansi pa 400 ndiye UV, ndipo ili m'magulu atatu: UV-A kuyambira 315 mpaka 400, UV-B kuyambira 280 mpaka 315, ndi UV-C kuyambira 100 mpaka 280. Nambala ikamachepa, mphamvu yowononga khungu ndi maso imakula. Wojambula amafuna UV-A basi, makamaka pakati pa 350 ndi 400.

Mankhwala a cyanotype ndi awiri, onse okhala ndi chitsulo m'kati: ferric ammonium citrate ndi potassium ferricyanide. Kasakanizidwe kamodzi kofala ndi ka magalamu 25 a oyambawo m'mamililita 100 a madzi, ndi magalamu 10 a achiwiriwo m'mamililita 100 ena, m'mabotolo osiyana. Pofuna kupaka, amatapa mofanana uku ndi uku n'kuphatikiza. UV ikagwera papepala imasintha chitsulo cha m'mankhwala oyamba aja, ndipo chitsulo chosinthikacho chimagwirana ndi mankhwala achiwiri n'kupanga utoto wa buluu wosasungunuka m'madzi. Pamene tsamba linatchinga, mankhwala amakhala momwe analili ndipo amachoka potsuka. Kuwala kofiira, kwachikasu ndi kobiriwira sikuyambitsa kusinthaku. Nyale ikhoza kuthobwa m'maso koma pepala osasintha.

Dzuwa la kuno

Kwa anthu ambiri a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi mbali ya Dedza ndi Ntcheu, dzuwa ndilo loyenera kuyambira, ndipo kwa ambiri ndilo lokwanira. Mwa UV yonse yofika pansi, pafupifupi 95 pa 100 ndi UV-A, yotsalayo ndi UV-B. UV-C imathera m'mwamba, m'mpweya wa ozoni. Choncho dzuwa limapereka ndendende zimene pepala likufuna, kwaulere, ndiponso pamalo aakulu. Nsalu yotambalala ngati chitenje ikhoza kujambulidwa pabwalo nthawi imodzi, pamene kuunikira nsalu yomweyo ndi nyale kungafune bokosi lalikulu ngati chitseko.

Kukwera kwa dera kumathandizanso. UV imawonjezeka ndi magawo pafupifupi 10 pa 100 pa mamita 1,000 aliwonse okwera, chifukwa mpweya woisefa umachepa. Ulónguè ili pamwamba pa mamita 1,000, phiri la Dómuè limapitirira mamita 2,000, pamene mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, pansi pa mamita 200. Apa pali chodabwitsa kwa amene amayeza dzuwa ndi thukuta: ku Tsangano munthu akhoza kukhala atavala juzi masana, koma pepala lake n'kupsa msanga kuposa la mnzake amene akupsa ndi kutentha ku Tete. Kutentha ndi kwina, UV ndi ina. Khungu limamva kutentha, UV silimva mpaka itawononga kale.

Chofunika kwambiri ndi kutalika kwa dzuwa kumwamba. UV yoposa theka la tsiku lonse imafika pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana. Chizindikiro chosafuna wotchi ndi chithunzithunzi cha munthu pansi: chikakhala chachifupi kuposa mwini wake, nthawi ndi yabwino. M'madera a m'malirewa dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pachaka, chakumayambiriro kwa Novembala ndi chakumayambiriro kwa Febuluwale. Mu Juni ndi Julayi limapendekera kumpoto ngakhale masana, ndipo pamafunika kutsamiritsa thabwa pamwala kuti pepala liyang'anane ndi dzuwa. Padzuwa lamphamvu la masana, chithunzi cha masamba chimatha kawirikawiri pakati pa mphindi 10 ndi 20. M'nyengo yozizira, kapena m'mawa kwambiri, nthawiyo ikhoza kuwirikiza kawiri ngakhale kupitirira.

Vuto la dzuwa n'lakuti silikhazikika. Mitambo yopyapyala imalola gawo lalikulu la UV kudutsa, koma mitambo yakuda yamvula imaidula kwambiri. Chifunga cha m'mawa m'miyezi yozizira chimachedwetsa ntchito. Utsi wa lupsa ndi fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala nazo zimadya gawo lina, ngakhale kunja kukuwotcha. Mafoni ambiri amaonetsa muyezo wa UV pamodzi ndi zanyengo, ndipo nambala ya 11 kapena kuposa imatanthauza UV yoopsa. M'miyezi yadzinja kukakhala kopanda mitambo, muyezowu umafika pamenepo masana.

Njira yothana ndi kusakhazikikaku ndi kuyesa kaye ndi kachidutswa. Munthu amadula kapepala kopakidwa kale, kutalika ngati chikhato, n'kukaphimba ndi katoni kusiya kambali kamodzi. Pakatha mphindi zitatu amasuntha katoniyo pang'ono, pakatha zitatu zina amasunthanso, mpaka kapepalako katha. Akatsuka amaona mizere ya buluu yosiyana kuderako kwake. Mzere woyamba umene wotsatira wake sukuuposanso kuda ndiwo ukupereka nthawi yoyenera tsiku limenelo. Ambiri amadumpha kuyesaku poganiza kuti n'kutaya mankhwala, kenaka amataya pepala lathunthu.

Pepala lenilenilo limauzanso mwini wake. Likamatuluka m'nyumba limakhala lachikasu chobiriwirako. Padzuwa limasanduka lobiriwira, kenaka buluu, pomaliza lotuwa ngati phulusa. Kutuwako ndiko kupsa. Wochotsa pepala likadali buluu wokongola amakhumudwa potsuka, chifukwa utoto wambiri umapita ndi madzi.

Dzuwa lili ndi ubwino wina umene nyale zambiri zilibe. Popeza lili kutali kwambiri, cheza chake chimabwera cholunjika mbali imodzi, ndipo mizere imatuluka yakuthwa ngakhale chinthu chitakhala chosagona bwino papepala, monga ngala ya mawere kapena nthambi ya therere. Nyale zambiri zoyalidwa pamodzi zimaunika kuchokera mbali zonse, kuwala n'kumalowa pansi pa chilichonse chotukuka, ndipo chithunzi chimatuluka chachimbuuzi.

Palibe chifukwa choimirira padzuwa kudikira pepala. Munthu aike thabwa lake, akakhale pamthunzi. Izi n'zofunika kwambiri kwa anthu a khungu lachialubino, amene dzuwa la masana limawapsereza msanga ndi kuwaika pachiopsezo cha khansa ya pakhungu. Mwana wachialubino m'kalasi akhoza kupaka mankhwala, kusanja masamba ndi kutsuka zithunzi, ntchito zonsezo ndi za m'nyumba, ndipo kutulutsa thabwa panja achite mnzake.

Kwa amene sangapeze mankhwala awiri aja, popeza sapezeka m'magolosale a pamudzi ngakhale kogulitsa zipangizo zaulimi, pali njira ina yotchedwa anthotype, imene Herschel yemweyo anailemba mu 1842. Amasinja masamba obiriwira kapena maluwa, kufinya madzi ake, kupaka papepala kangapo, n'kuikapo chojambulidwacho. Dzuwa limafufutitsa utoto wa chomeracho paliponse pamene pali poyera. Bonongwe, nkhwani ndi masamba ena a ndiwo akhoza kuyesedwa. Njirayi imatenga maola ambiri, ndipo ndi maluwa ena masiku kapena milungu. Apa za nyale n'zosaganizirika n'komwe, batire lingathe chithunzi chisanayambe kuoneka. Chithunzi chake sichikhalitsanso poyera, chimafuna kusungidwa m'buku.

Amene akufunikadi nyale

Kuyambira Disembala mpaka Malichi mitambo ikhoza kutseka masiku angapo otsatizana, ndipo nthawi ya masana ndi yomwe anthu ali kumunda. Wojambula zogulitsa, amene walandira oda ya makadi 50 ofanana, sangadalire dzuwa limene likusintha mphindi iliyonse. Chimodzimodzi osindikiza malemba pa matisheti a mipingo, masukulu ndi matimu a mpira: mankhwala amene amapaka pa sefa yawo amaumanso ndi UV-A, ndipo akalakwitsa nthawi sefa yonse imawonongeka. Anthu otere nyale imawapatsa chinthu chimodzi chimene dzuwa silipereka, ndicho nthawi yofanana lero, mawa ndi usiku womwe.

Nyale za m'nyumba zisawerengedwe. Mababu oyera a LED, matochi ndi nyale za sola amapanga kuwala kwawo kuchokera ku kachipangizo kowala buluu pafupifupi pa 450 nm, kokutidwa ndi mankhwala achikasu, ndipo UV yake ndi yosawerengeka. Mababu akale a kawaya kotentha amatulutsa kutentha kwambiri ndi UV yochepetsetsa. Kufooka kwawoku kuli ndi phindu lake: munthu akhoza kupaka mankhwala usiku ataunika ndi nyale yasola yosawala kwambiri, pepala osawonongeka. Chipinda chamdima wandiweyani ngati cha ojambula akale sichifunika.

Nyale zoyenera masiku ano ndi za LED zopangidwira UV-A. Pa paketi pamalembedwa nambala monga 365, 385, 395 kapena 405 nm. Ziwiri zofala ndi 365 ndi 395. Za 395 ndi zotsika mtengo, zimawala mwapepo moonekera, ndipo cyanotype imatuluka nazo bwino. Za 365 ndi zodula, ndipo zikayaka zimaoneka zofooka, mwakuti wogula akhoza kuganiza kuti amupusitsa. Kufookako n'chifukwa chakuti pafupifupi kuwala kwake konse kuli kumene maso safika. Kwa woyamba kumene, kulipira zambiri chifukwa cha 365 n'kosafunikira. Chosafunika kugula ndi nyale imene yangolembedwa UV popanda nambala, chifukwa ina imakhala nyale wamba yopakidwa utoto wapepo, yokongoletsera m'malo a zisangalalo.

Kwa wokhala kopanda magetsi a EDM, ubwino waukulu uli pa malamba a tinyale ta LED, amene amagulitsidwa okulungidwa, kawirikawiri mamita asanu, ndipo ambiri amayaka ndi mavoti 12. Amalumikizidwa ku batire la sola popanda inveta, bola pakhale fyuzi. Kuwerengera kwake n'kosavuta. Lamba wa mawati 24 pa mavoti 12 amakoka maampu awiri. Akayaka mphindi 20 amadya mphamvu yofanana ndi babu la mawati 8 loyaka ola limodzi. Batire limene limayatsa wailesi ndi kutchaja mafoni likhoza kutulutsa zithunzi zingapo madzulo amodzi.

Bokosi lake mmisiri wa matabwa aliyense angapange. Lamba amadulidwa pamalo osonyezedwa, zidutswa n'kumatidwa m'mizere kunsi kwa chivundikiro, motalikirana masentimita awiri kapena atatu. Pepala likhale pansi, pamtunda wa masentimita 10 mpaka 15. Likayandikira kwambiri, chithunzi chimatuluka ndi mizeremizere kapena timadontho, kusonyeza pamene panali kanyale kalikonse. Likatalikira, nthawi imachuluka. Ndi nyale imodzi yaing'ono kusinthaku n'kwakukulu: kuwirikiza mtunda kawiri kumatsitsa kuwala kufika pa gawo limodzi mwa anayi. M'kati mwa bokosi muyalidwe pepala lonyezimira la aluminiyamu, limene limabweza UV bwino, pamene penti yoyera wamba imameza yambiri. Tinyale ta LED timafooka tikatenthedwa, choncho n'kwabwino kutimata pa lata m'malo mwa thabwa, ndi kuboola timabowo totulutsira mpweya kumbali yosayang'ana anthu.

LED isanafale, ojambula ankagwiritsa ntchito machubu aatali, ndipo akadalipo. Ena amalembedwa BL, ndi oyera akazima, ndipo ndi omwe amaikidwa m'misampha yokopa ntchentche ndi tizilombo touluka m'mabutchala ndi m'malesitilanti. Ena amalembedwa BLB, galasi lake ndi lakuda. Onse amatulutsa UV-A ya pakati pa 350 ndi 370 nm ndipo amagwira ntchito. Koma amafuna magetsi a 220, amafuna kuyaka kaye mphindi zingapo kuti afike pa mphamvu yake, amafooka akamakalamba ngakhale akuonekabe owala, ndipo m'kati mwake muli mercury, poizoni yemwe uja okumba golide amagwiritsa ntchito. Chubu chosweka sichoti ana aziseweretsa kapena kutayidwa pafupi ndi chitsime. Pa msewu wa mabampu wochokera ku tauni, lamba wa LED m'thumba amafika wamoyo kusiyana ndi chubu cha galasi pa kabaza.

Tilipo tinyale tina timene munthu angakhale nato kale. Kamakina koumitsira utoto wa zikhadabo m'masaluni kamatulutsa UV-A yokwanira, ndipo kamajambula kapepala kakang'ono ngati chikhato, kungoti kamazima kokha pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri ndipo pamafunika kukayatsa mobwerezabwereza. Kanyale koyezera ndalama zachinyengo, kamene ogulitsa ena amaunikira nako ma meticais ndi makwacha, kali ndi UV yoyenera koma ndi kofooka. Tochi ya UV imaunika pakati pokha n'kusiya m'mbali.

Nyale yosayenera kugulidwa

Pali mtundu umodzi wa nyale umene wojambula ayenera kuusiya pashelefu ngakhale utatsika mtengo chotani: nyale yophera majeremusi. Imatulutsa UV-C, kawirikawiri pa 254 nm. Ntchito yake ndi ya m'zipatala, m'malabotale ndi m'makina oyeretsera madzi, kumene imaikidwa mosafikira maso a anthu. Kuchokera pa mliri wa Covid-19 mu 2020, nyale zotere zinachuluka pamalonda, ndipo wogulitsa wosadziwa akhoza kuipereka kwa aliyense wofunsa nyale ya UV. Imadziwika ndi galasi lake loonekera mbee, lopanda utoto woyera kapena wakuda m'kati, moti tiwaya take timaoneka. Ikayaka imawala buluu wotuwa, wooneka wofatsa. Pa paketi pamalembedwa UV-C, 254 nm, kapena mawu a Chipwitikizi akuti germicida.

Kufatsako n'konyenga. Mphindi zochepa, ngakhale masekondi munthu akayandikira, n'zokwanira kupsereza kachikopa ka pamwamba pa diso. Ululu subwera nthawi yomweyo. Umayamba patapita maola angapo, nthawi zambiri 6 mpaka 12, munthu atagona kale: maso amafiira, misozi osaleka, m'maso ngati mwathiridwa mchenga, kuwala kulikonse kumapweteka. Amene anayang'anitsitsapo moto wa owotcherera zitsulo amaudziwa ululu umenewu, ndi womwewo. Wopsa chotero apite kuchipatala, asatikite maso ndipo asathiremo madzi a zitsamba, mkaka kapena shuga. Khungu nalo limapsa ngati lawauka.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nyale yoopsayi sithandiza ngakhale pa kujambulako. Galasi wamba sililola UV-C kudutsa, ndiye pepala lopsinjidwa ndi galasi limangolandira tizotsalira. Maso apsa, chithunzi palibe.

Mababu aakulu akale a m'misewu ndi m'mafakitale, a mercury, ali ndi ngozi yofanana galasi lake lakunja likasweka, chifukwa kachubu ka m'kati kamapitiriza kuyaka kakutulutsa UV-B ndi UV-C popanda chotchinga. Kuswa dala galasilo kuti babu likhale lamphamvu ndi kuika pangozi banja lonse. Ngakhale UV-A ya LED siyoti munthu aziyang'anitsitsa. Popeza sithobwa, diso silitsinzina, ndipo kuwalako kumalowa mwaufulu. Bokosi likhale lotseka, switchi ikhale kunja, ndipo liziyatsidwa chivundikiro chitatsekedwa.

Zimene zili pakati pa kuwala ndi pepala

Nthawi zina nyale kapena dzuwa zimanamiziridwa, pamene wolakwa ndi galasi. Galasi wamba la zenera, la mamilimita atatu kapena anayi, limalola UV-A yambiri kudutsa ndipo ndilo loyenera. Galasi lakutsogolo la galimoto ndi magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati, ndipo pulasitikiyo imatchinga pafupifupi UV yonse. Malata oonekera a polycarbonate, magalasi odetsedwa ndi mapulasitiki ena ofolera nazale amatchinganso. Woyesa galasi lachilendo aphimbe nalo theka la kachidutswa kopakidwa mankhwala, theka lina likhale poyera, ndipo kusiyana kuoneka m'mphindi zisanu. M'mphepete mwa galasi mukulungidwe tepi kuopa kucheka, ndipo lipanidwe ku thabwa ndi mapegi a zovala kapena timabande ta chubu cha njinga kuti tsamba ligone ndithu.

Wofuna kutulutsa nkhope ya munthu kapena chithunzi cha munda amayambira pafoni. Chithunzicho amachichotsa mitundu, n'kuchitembenuza kuti poyera pade, pakuda payere, kenaka n'kukachisindikiza papulasitiki yoonekera kumalo opangira fotokope. Pulasitikiyo imaikidwa papepala lopakidwa mankhwala, mbali ya inki pansi. Chithunzi chimatuluka chachikulu molingana ndi pulasitikiyo, sichikulitsidwa. Pulasitiki ikasowa, pepala wamba la fotokope lopakidwa mafuta ophikira pang'ono n'kupukutidwa bwino limalowetsa kuwala, kungoti nthawi imatalika kwambiri, ndipo apa dzuwa la masana limaposa bokosi laling'ono kutalitali.

Kusankha kuwala n'kofanana pa njira zina zakale, monga Van Dyke yotulutsa zithunzi zofiirira ndi mankhwala a siliva, ndi ya platinamu imene William Willis analembetsa mu 1873. Zonse zimafuna UV-A. Njira zogwiritsa ntchito dichromate zisalowe pakhomo kapena m'kalasi, chifukwa mankhwalawo amayambitsa khansa.

Mankhwala a cyanotype ndi ofatsa poyerekeza ndi amenewo, koma si ndiwo. Pamafunika magolovesi, ziwiya zake zapadera zosabwereranso kukhitchini, ndi mabotolo olembedwa, osungidwa kumdima kutali ndi ana. Potassium ferricyanide isakhudzane ndi asidi wamphamvu monga wa m'batire, popeza pamatuluka mpweya wakupha. Amene bokosi lake likuyaka ndi batire la asidi asunge mabotolowo kwina.

Potsuka, madzi aziyenda kapena kusinthidwa kangapo mpaka chikasu chonse chitachoka, mphindi zisanu mpaka khumi. Buluu amaderako yekha pepala likauma, pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Mdani wake ndi chilichonse cha mtundu wa chidulo: phulusa, soda, sopo wa ufa, laimu. Beseni limene munali chidulo likhoza kufufutitsa chithunzi chonse kukhala chachikasu. Madzi a m'mijigo ina, aja osachita thovu msanga, amachitanso zomwezo pang'onopang'ono, ndipo supuni ya viniga kapena madzi a ndimu m'beseni loyamba imathandiza. Madzi a mvula osefa ndi abwino. Nsalu ikhale ya thonje, chifukwa ya nayiloni sigwira mankhwala, ndipo izichapidwa ndi madzi ozizira okha. Chithunzi chopachikidwa pakhoma lowombedwa ndi dzuwa chimatuwa pakapita nthawi, koma chikachotsedwa n'kuikidwa m'kabati mwamdima, momwe mpweya ukulowa, buluu wambiri amabwerera pakatha masiku angapo.